Galu wodwala pakhomo pa Msilamu: chifundo, najisi ndi chiwewe

Tikuthokoza Allah amene watifikitsanso m'mwezi wa Ramadhan, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

M'masiku ano a swaumu timakumbutsana kwambiri za chifundo. Timatchula ana amasiye, okalamba, odwala, akaidi ndi anansi amene moto sukuyaka pakhomo pawo, ndipo n'zoyenera kutero. Koma pali cholengedwa china chimene sitikonda kuchitchula tikamakamba za chifundo, ngakhale timakumana nacho tsiku lililonse pa Chitakale, pa Limbuli, pa Nkando ndi pa Muloza. Tikunena galu, makamaka uja wowonda nthiti zili pamtunda, waubweya wosoka ndi mphere, amene amanunkhiza kumbuyo kwa malo ogulitsira tchipisi. Ana athu amamugenda, akuluakulu timayang'ana kumbali, ndipo ena mumtima timaganiza kuti potero tikuteteza twahara yathu.

Funso limene tikufuna tiganizire limodzi ndi ili: kodi banja la Chisilamu lingatenge galu wodwala, wotayidwa ndi eni ake, n'kumusamalira mpaka atachira? Maganizo athu ndi akuti lingathe, ndipo muli malipiro m'menemo, pokhapokha zinthu zitatu zitakwanira. Banjalo likhale ndi chifukwa chovomerezeka chosungira galu, lidziwe malire a twahara, ndiponso lidziwe kusiyanitsa matenda ochizika ndi chiwewe. Chachitatuchi ndicho chimatenga miyoyo ya ana athu, choncho tikhalapo nthawi.

Zimene tinaphunzira ku madrassa n'zoona, koma sizinathere pomwepo

Asilamu ambiri kuno kwathu timatsatira mazihabu a Imam Shafi'i, monga momwe Chisilamu chinatifikira kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa. M'mazihabu amenewa galu ndi najisi yaikulu. Chiwiya chimene wanyambita chimatsukidwa kasanu n'kawiri, kamodzi mwa maulendo amenewo ndi madzi osakaniza ndi dothi. Tinaphunziranso kuti angelo achifundo salowa m'nyumba momwe muli galu, komanso kuti amene wasunga galu popanda chifukwa chovomerezeka malipiro ake amapunguka tsiku lililonse. Zonsezi zili m'mahadith olondola, ndipo sitikutsutsa ngakhale chimodzi.

Koma taonani bwino chimene lamulo la najisi likulamula. Likulamula kutsuka. Silikulamula kugenda, kuthira madzi otentha, kapena kumanga nyama padzuwa popanda madzi. Mkodzo wa mwana ndi najisi, koma mayi akakodzeredwa pamsana amachapa chitenje n'kumuberekanso mwanayo. Magazi otuluka pabala ndi najisi, koma namwino wa Chisilamu sathawa wovulala. Ndiponso m'mazihabu athu omwewa najisi ya galu imafalikira pakakhala chinyezi: wakhudza ubweya wouma ndi dzanja louma sanadetsedwe. Imam Malik, amene anakhala ndi kuphunzitsa ku Madina, ankaona kuti galu wamoyo si najisi, ndipo kutsuka kasanu n'kawiri kuja ndi lamulo longomvera. Sitikutchula izi kuti wina asiye mazihabu ake ayi. Tikungofuna tione kuti maimamu anasiyana pa za katsukidwe, koma palibe mmodzi mwa iwo amene analoleza nkhanza.

Qur'an yolemekezeka ikamatchula galu mu Surat Al-Kahf, imene timawerenga Lachisanu, imamuonetsa atagona pakhomo la phanga, miyendo yakutsogolo atatambasula, pamodzi ndi anyamata amene anathawa ndi chikhulupiriro chawo. Mu Surat Al-Maaidah ndime 4 Allah akuloleza kudya nyama imene yagwidwa ndi nyama zosakira zophunzitsidwa, ndipo maulama onse amawerengera galu m'gulu limenelo. Mu Surat Al-An'aam ndime 38 tikuuzidwa kuti zoyenda pansi ndi zouluka ndi mitundu ya zolengedwa monga ife.

Ndipo pali hadith imene munthu wosala amaimvetsa kuposa wina aliyense. Abu Hurairah (Allah asangalale naye) anasimba, ndipo zili mu Bukhari ndi Muslim, za munthu wapaulendo amene anamva ludzu kwambiri, natsikira m'chitsime n'kumwa. Potuluka anapeza galu ali wefuwefu, akunyambita dothi lonyowa chifukwa cha ludzu. Munthu uja anazindikira kuti chimene chamupeza galuyo ndi chomwe chinamupeza iye. Anatsikiranso m'chitsime, natunga madzi m'nsapato yake yachikopa, n'kuiluma ndi mano kuti manja akwerere, ndipo anamumwetsa galuyo. Allah anamuyamikira ndi kumukhululukira. Maswahaba atafunsa ngati pali malipiro pochitira zabwino nyama, Mtumiki (SAW) anawauza kuti alipo pa chamoyo chilichonse. M'hadith ina amene anakhululukidwa pa ntchito yofanana ndi imeneyi anali mkazi wodziwika ndi uchimo wa chiwerewere.

Nsapato ija inanyambitidwa ndi galu. Mwa malamulo athu inafunika kutsukidwa. Koma ntchito yotsuka nsapato ndi yaing'ono poyerekeza ndi chikhululuko chimene mwini wake anapeza. Ife amene pofika nthawi ya Asr kukhosi kumakhala gwaa, tikuwerenga maola kuti dzuwa lilowe, tili ndi mwayi womva m'thupi mwathu chimene munthu uja anamva. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikudziwa kuti Maghrib ifika. Galu womangidwa kuseri kwa nyumba popanda mbale ya madzi sadziwa kuti ludzu lake litha liti. Tisaiwale hadith ya mkazi amene analowa kumoto chifukwa cha mphaka amene anamutsekera, osamudyetsa, osamumasula kuti adzifunire yekha chakudya.

Olemba mbiri ena, monga Al-Waqidi, amasimbanso kuti paulendo wokatsegula mzinda wa Makka, umene unachitika m'mwezi wa Ramadhan m'chaka cha 8 chisamukire Mtumiki (SAW) ku Madina, gulu la nkhondo linapeza galu wamkazi akuyamwitsa ana ake m'mbali mwa njira, ndipo Mtumiki anaika munthu kuti aime pamenepo pofuna kuti asilikali asamusokoneze. Iyi ndi nkhani ya m'mabuku a mbiri, si ya mulingo wa Bukhari, koma ikugwirizana ndi zonse zimene tikudziwa za khalidwe lake.

Galu wathu usiku, wa eni masana

Sharia inaloleza kusunga galu wosakira, wolondera ziweto ndi wolondera munda. Imam An-Nawawi, mmodzi mwa akuluakulu a mazihabu a Shafi'i amene anamwalira mu 1277, analongosola kuti maganizo olondola kwambiri ndi akuti galu wolondera nyumba nayenso ndi wololedwa, poyerekeza ndi atatu aja, pakakhala kufunika kwenikweni. Kuno ku Mulanje kufunikako sikusowa. Amene alima chimanga, chinangwa kapena nanazi m'mphepete mwa phiri amadziwa zimene anyani amachita. Amene ali ndi khola la mbuzi kapena nkhuku amadziwa kugona khutu lili panja. Mayi amene bambo ali ku Joni ndipo watsala yekha ndi ana amadziwa phindu la kuuwa kwa galu pakati pa usiku.

Choncho mabanja ambiri a Chisilamu agalu tili nawo kale. Vuto lathu lenileni lili pa kasungidwe. Timafuna kuuwa kwake usiku, koma kukacha timamukana. Alibe dzina, alibe khola, alibe mbale. Akadwala timati galu amadzichiritsa yekha ndi udzu. Alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, timachita manyazi kuti anthu ationa tikukoka galu pamsewu titavala chisoti kapena hijaab, ndiye timatuma kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kapena osatuma aliyense. Galu wotereyu amayendayenda kufuna chakudya m'madzala, amamenyana ndi agalu a midzi ina, ndipo tsiku lina amabwera ndi matenda pakhomo pomwe ana athu akusewera. Walira mvula walira matope. Amene wafuna mlonda walandiranso udindo womudyetsa, kumumwetsa, kumuchiritsa ndi kumubayitsa katemera, ndipo adzafunsidwa za amaana imeneyi.

Apa ndi pamene nkhani yotenga galu wotayidwa ikulowera. M'mazihabu a Shafi'i kugulitsa galu sikuloledwa, potsatira hadith yoletsa mtengo wake, koma kumulandira kuchokera kwa wina popanda malonda n'kololedwa kwa amene ali ndi chifukwa chomusungira. Tikamapita ku Blantyre timaona anyamata m'mbali mwa misewu atanyamula tiagalu padzuwa, kutsatsa kwa oyendetsa magalimoto. Tiagalu timeneti nthawi zambiri timachotsedwa kwa amayi awo tisanakhwime, ndipo wogula sadziwa chimene tanyamula m'thupi. Msilamu amene akufuna mlonda achita bwino kupewa malonda amenewa n'kuyang'ana galu amene akusowa pokhala.

Malo osungira nyama zotayidwa alipo m'dziko muno. Mabungwe a Blantyre SPCA ndi Lilongwe SPCA amalandira agalu ndi amphaka ovulala kapena osiyidwa, kuwachiza ndi kuwafunira mabanja atsopano. Ubwino wotenga galu kumalo oterewa ndi wakuti amakhala ataonedwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo munthu ungafunse mafunso n'kuyankhidwa: akudwala chiyani, wakhala pano nthawi yaitali bwanji, anabayidwa liti katemera wa chiwewe, mankhwala otsala ndi a ndalama zingati, amatani akaona ana. Ngati pali ndalama yopereka, funsani kuti ndi ya chiyani. Kulipirira katemera ndi chithandizo n'kosiyana ndi kugula nyamayo, ndipo amene akukayika afunse shehe wake.

Koma tinene zoona, ambiri mwa ife sitidzakwera minibasi ya ku Limbe kukafuna galu. Galu wosowa mwini timamupeza m'mudzi momwemo: mwini wake anamwalira, anasamukira kutauni, kapena nyumba inapita ndi madzi monga zinachitikira mabanja ambiri a Mulanje ndi Phalombe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, masiku owerengeka Ramadhan ya chaka chimenecho isanayambe. Galu wotereyu palibe dokotala amene wamuona. Chifundo chikalowa apa popanda kudziwa, chingathe kupha.

Matenda ochizika, ndi matenda amene sachizika

Ambiri mwa agalu amene amatinyansa m'maso akudwala zinthu zochizika. Njala imatha ndi chakudya. Mphere, nkhupakupa, utitiri, njoka za m'mimba ndi mphutsi za pakhungu zili ndi mankhwala amene alangizi a ziweto amawadziwa. Galu amene ankaoneka ngati chikumba chouma, akapatsidwa mankhwala ndi chakudya chokwanira, pakangopita miyezi yochepa ubweya umamera n'kukhala galu wooneka bwino.

Chiwewe ndi china. Kachirombo kake kamakhala m'malovu a nyama yodwala, ndipo kamalowa m'thupi la munthu kudzera pa bala la kulumidwa, kukandidwa, kapena galu akanyambita pachilonda, m'maso kapena m'kamwa. Kuchoka pamenepo kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Nthawi zambiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanayambe kudwala, ngakhale zimatheka pa sabata imodzi kapena patatha chaka. M'nthawi yonseyi bala limapola, banja limaiwala. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi, kubalalika mutu ndi kufa ziwalo, pafupifupi aliyense amamwalira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Pa anthu khumi aliwonse otere, anayi amakhala ana osakwana zaka 15.

Si nkhani ya kutali. Kafukufuku amene madokotala anachita pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2007, anapeza kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anali ndi chiwewe, ndipo atatu mwa iwo poyamba ankaganiziridwa kuti akudwala malungo a mu ubongo. Izi zikutanthauza kuti chiwewe chimatha kutenga mwana banja osadziwa dzina la chimene chamutenga. Kumudzi imfa yotere timaipezera zifukwa zina, n'kuyamba kulozana zala, pamene chiyambi chake chinali kagalu kamene kanamukanda mwana pamwendo miyezi itatu yapitayo, iye n'kubisa poopa kukalipiridwa.

Ambiri timadziwa galu wachiwewe wolusa, woluma chilichonse, wothamanga mopanda kolowera, dovu lili chuchuchu. Koma pali mtundu wina wa matenda omwewa umene ndi woopsa kwambiri kwa munthu wachifundo. Galu amangofooka, kukhala phee, nsagwada ili lende, kulephera kumeza, ngati fupa lamuima pakhosi. Munthu wa mtima wabwino amapisa dzanja m'kamwa kuti achotse fupalo, ndipo pamenepo ndi pamene amakumana ndi malovu odzaza ndi kachirombo. Choncho lamulo lathu likhale ili: galu wosadziwika kumene wachokera, amene akuchucha dovu, akudzandira, wasintha mawu kapena khalidwe, si woti timutenge, si woti timugwire. Tichotse ana, tidziwitse alangizi a ziweto ndi amfumu. Mtumiki (SAW) anatchula galu woluma m'gulu la zolengedwa zovulaza zimene zimaloledwa kuphedwa ngakhale ndi munthu amene ali mu ihraam. Koma analamulanso kuti ngakhale pakupha tizichita bwino, osazunza. Kumuthamangitsa ndi miyala mudzi wonse ndi nkhanza, komanso ndi m'mene anthu ambiri amalumidwira.

Galu wina aliyense amene tasankha kumutenga m'mudzi, ngakhale akuoneka kuti ndi njala chabe, ayambe waonedwa ndi mlangizi wa ziweto, abayidwe katemera, ndipo akhale m'khola lakelake kutali ndi ana kwa nthawi imene mlangiziyo anene. Safunsa anadya phula.

Wina akalumidwa m'mwezi wa swaumu

Chinthu choyamba ndi kutsuka bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenderera kwa mphindi 15 zathunthu. Kutsukaku kumachotsa tizirombo tambiri tisanalowe m'kati. Chachiwiri ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, ndi kumaliza majakisoni onse pa masiku amene achipatala alemba. Ngati pachipatala chaching'ono palibe, pitirirani ku chipatala chachikulu pa Boma. Katemerayu akayambidwa msanga amateteza bwino kwambiri. Dziko lakhala likumudziwa kuchokera mu 1885 pamene Louis Pasteur anapulumutsa naye mnyamata wolumidwa ndi galu ku France. Chachitatu ndi kudziwitsa alangizi a ziweto. Galu amene waluma, ngati ndi wodziwika, amatsekeredwa n'kuyang'aniridwa kwa masiku 10, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo ali kunyumba.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatisokoneza ife Asilamu makamaka. Choyamba ndi dothi. Chifukwa tinaphunzira kuti malovu a galu amatsukidwa ndi dothi, ena amafuna kupaka dothi pabala lenilenilo. Musatero. M'dothi mumakhala tizirombo ta kafumbata ndi tina toola zilonda, ndipo chipembedzo chathu chimaletsa kudzivulaza. Pabala pafunika sopo ndi madzi. Za twahara ya chovala ndi khungu lozungulira mudzazikonza bwino pambuyo pake, ndipo mashehe athu amadziwa zopepukitsa zimene Sharia inaika kwa wovulala.

Chachiwiri ndi mantha akuti jakisoni amasula swaumu, ndiye wina n'kumati ndidikira Eid ipite. Bungwe la maulama a fiqh la mayiko a Chisilamu, pamsonkhano wake wa ku Jeddah mu 1997, linagamula kuti jakisoni wa mankhwala wobayidwa pakhungu kapena pamnofu, amene sali chakudya, samasula swaumu. Ndipo ngakhale wina atatsatira maganizo osiyana, wodwala analoledwa kumasula n'kudzabweza. Tsiku la swaumu limabwezedwa, koma tsiku limene kachirombo kapeza mpata wokwera ku ubongo silibwezedwa.

Makolo, tiwauze ana athu kuti akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu kapena mphaka anene msanga, ndipo sadzamenyedwa. Mwana amene amaopa chikwapu chifukwa choti anasewera ndi galu amabisa bala.

Mankhwala a mudzi wonse

Akatswiri amati agalu 70 pa 100 aliwonse m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsa ndipo chimazilala. Umboni uli pafupi nafe. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto komanso Blantyre SPCA, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha ogwira ntchito. Chaka chotsatira ntchitoyi inafalikira ku Zomba ndi kwa anansi athu a ku Chiradzulu, ndipo madokotala a pa Queen Elizabeth analemba kuti chiwerengero cha ana ofika ndi chiwewe chinatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Mayiko anagwirizana zothetsa imfa za chiwewe chochokera kwa agalu pofika 2030, ndipo tsiku la 28 Sepitembala chaka chilichonse ndi lokumbutsana za matendawa.

Ena amati njira yachidule ndi kupha agalu onse oyendayenda. Njira imeneyi inayesedwa m'mayiko ambiri ndipo siinathetse chiwewe, chifukwa malo a agalu ophedwa amadzazidwa msanga ndi ena osabayidwa. Mbiri ya Asilamu ilinso ndi phunziro lake. Mzinda wa Istanbul unkadziwika kwa zaka mazana ndi anthu amene ankasiya chuma cha waqf kuti chizidyetsa nyama za m'misewu. Koma mu 1910 olamulira anasonkhanitsa agalu zikwi makumi angapo n'kukawataya pa kachilumba kopanda chakudya ndi madzi, komwe anafa ndi njala ndi ludzu. Anthu a mumzindawo amakumbukira zimenezi ngati manyazi mpaka lero, ndipo agalu a m'misewu sanathe. Ku Madina nako, lamulo lopha agalu limene linaperekedwa poyamba Mtumiki (SAW) anadzalichotsa, monga zilili mu Muslim.

Boma lathu lili m'malire. Galu sasowa chiphaso kuti awoloke Ruo kapena Muloza kuchokera ku Milange, ndipo safunsa kuti pakhomo pano ndi pa Msilamu kapena pa Mkhristu. Galu mmodzi wosabayidwa pakhomo pathu ndi mpata pa mpanda wa mudzi wonse. Misikiti yathu inathandiza kufalitsa uthenga wa kolera ndi wa katemera wa poliyo. Palibe chimene chingaletse kuti tsiku la katemera wa agalu lizilengezedwanso ikatha swala ya Jumu'ah, ndi kuti munthu wamkulu wapakhomo, osati mwana, ndiye azipita ndi galuyo. Amene wabwerako akasamba m'manja n'kusintha chovala ngati chanyowetsedwa ndi malovu, basi, ndipo wateteza ana a anansi ake onse.

Nanga anthu akugona ndi njala?

Wina anena kuti: anthu akusowa ufa, mitengo ya zinthu yakwera, inu mukukamba za agalu? Funsoli ndi lolemera ndipo sitikulipeputsa. Munthu ali patsogolo. Zakaat ili ndi magulu ake asanu ndi atatu amene atchulidwa mu Surat At-Tawbah ndime 60, ndipo galu mulibe m'menemo. Bambo amene ana ake akugona ndi njala alibe udindo wotenga galu wodwala, ndipo amene akudziwa kuti sangakwanitse mankhwala ndi chakudya asatenge. Kutenga nyama n'kudzaitayanso ndi kuizunza kawiri. Amenenso akufuna galu wongodzionetsera, wogona naye pampando chifukwa anaona m'mafilimu, alibe chilolezo cha Sharia ngakhale atati akuchita chifundo.

Koma zambiri zimene tikupempha sizilanda mwana aliyense chakudya. Madzi a m'mbale yakale pansi pa mtengo. Mkute, madeya ophika ndi mitu ya usipa zimene zikanatayidwa tikatha kumasula kapena kudya dakwi. Kuletsa mwana kugenda. Kuyenda ulendo wa kukatemera kamodzi pachaka. Ndipo katemera wa galu ndi sadaka kwa munthu: banja limene mwana wake walumidwa limataya ndalama za thiransipoti maulendo angapo, masiku a ganyu ndi tulo, ndipo mabanja osauka ndi amene amalephera kumaliza majakisoni. Amene amateteza galu ku chiwewe akuteteza mwana wa mmphawi.

Tikumbukirenso kuti mtima sugawika zipinda. Mwana amene wazolowera kuseka galu akulira ndi mwala amene wamugenda akuphunzira kuti ululu wa wofooka ndi masewera, ndipo phunziro limenelo sadzalisiya pa agalu pokha. Malamulo a dziko lino nawonso, kudzera mu Protection of Animals Act, amaletsa kuchitira nkhanza nyama, koma Msilamu sayenera kudikira wapolisi kuti achite chimene Mtumiki wake anamuphunzitsa kale.

Kwa banja limene lasankha kutenga galu, kasungidwe kake si kovuta. Mumangireni khola kunja kwa nyumba, pamthunzi, kutali ndi malo oswalira, ochapira ndi osungira madzi akumwa. Akhale ndi mbale zakezake zimene sizisakanikirana ndi ziwiya za m'nyumba. Pomupaka mankhwala valani magolovesi kapena mapepala apulasitiki m'manja ndi chovala chogwirira ntchito, osati chimene mupite nacho ku Taraweeh. Musamumange usana wonse pa chingwe chachifupi. Galu wozunzika ndi amene amaluma. Sungani chiphaso chake cha katemera pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana, ndipo chaka chikatha mupite nayenso.

Kwa inu ophunzira a ku sekondale, ku koleji ndi ku madrassa, muli ndi mwayi umene makolo ambiri analibe: mwaphunzira fiqh ya twahara komanso sayansi ya tizirombo. Mukapita kwanu patchuthi, khalani anthu amene angafotokozere agogo chifukwa chimene bala la galu silipakidwa dothi, popanda kunyoza chimene agogowo anaphunzira. Ndipo ena mwa inu ganizirani za maphunziro a udokotala wa ziweto, amene tsopano amaperekedwa konkuno ku LUANAR. Dera limene anthu ake amadalira mbuzi, nkhuku ndi ng'ombe likusowa ana ake pa ntchito imeneyi.

Tikupempha Allah atilandire swaumu yathu ndi maimidwe athu a usiku, afewetse mitima yathu pa zolengedwa zake zonse, ateteze ana athu ku matenda oopsa, ndipo atikhululukire monga anamukhululukira wapaulendo uja pachitsime. Aameen.